Phiri Lomwe Linamera M'munda wa Chimanga

Awa ndi mawu amene mmodzi mwa mamembala athu, yemwe ndi mlimi, analankhula pa msonkhano wa pamwezi wa gulu la omvera wailesi. Tawalemba monga momwe anawalankhulira.

 

Choyamba ndithokoze a komiti pondipatsa mpata uwu. Atalengeza kuti mwezi uno wolankhula ndine, ena anaganiza kuti ndibwera ndi nkhani ya mtengo wa feteleza kapena ya chiwawu cha kachewere, poti n'zimene ndimadandaula nazo msonkhano uliwonse. Lero ayi. Lero ndabwera ndi nkhani ya mapiri amoto, aja pa Chipwitikizi amati vulcão. Ndaona ena mwayamba kale kuseka. Sekani, koma mundilole ndimalize, chifukwa kumapeto kwake kuli pempho lokhudza wailesi yathu ili patebuloyi.

Nkhaniyi inayamba chonchi. Pa tchuthi chapitachi kunabwera mwana wa achemwali anga amene amaphunzira ku Tete. Madzulo ena titakhala pakhonde anandifunsa kuti, "Malume, kodi munda wanu munauonapo kuchokera kumwamba?" Ine ndinati, "Iwe, ndine khwangwala ine?" Iye osayankha, anangotulutsa foni n'kutsegula chinthu china chotchedwa Google Earth. Anakankhakankha ndi chala, kenaka n'kundipatsira. Abale, ndinaona denga la nyumba yanga. Ndinaona mtengo wa mango uli kuseri kwa khola, njira yopita kudimba, ndi mizere m'munda. Ndinaonanso chigwembe chija ndakhala ndikunena kuti n'chaching'ono. Kuchokera kumwamba si chaching'ono ayi, chadya kale mpaka m'malire ndi anzanga a kumunsi. Usiku umenewo nsima sinakome.

Ndinamufunsa kuti wajambula ndani, poti ine sindinaonepo munthu atakwera mumtengo ndi kamera. Anandiuza kuti zithunzi zina amajambula ali m'ndege, koma zambiri zimachokera ku makina amene amazungulira dziko kumwamba kwenikweni, masetilaiti. Ndi aja timawaona madzulo ngati nyenyezi yoyenda yosaphethira. Yowala kwambiri ija ndi nyumba, mumakhala anthu. Ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano, ngati kuchoka ku Tete kukafika ku Chimoio koma choimirira, ndipo imazungulira dziko lonse pa mphindi 90 zokha. Anthu a m'menemo amajambula pawindo. Palinso makina opanda anthu, monga otchedwa Landsat a ku America, amene oyamba anawaponya mu 1972. Amakono amadutsa pa makilomita 705 ndipo amabwerera pamalo omwewo pakatha masiku 16. Ndiye kuti munda wanuwo, mayi, wakhala ukujambulidwa kuyambira agogo anu akadali ndi mphamvu, inu osadziwa.

Mnyamatayo anatsetsereka ndi chala kulowera kumunsi, cha kum'mawa kwa Moatize. Pamenepo panaoneka chinthu chozungulira ngati mkombero wa lichero, pakati pali polowa. Dzina lake ndi Monte Muambe, m'distrito ya Moatize momwemo. Kuchoka mbali ina kukafika mbali inayo ndi makilomita pafupifupi 6. Munthu woyenda pansi amangoona mapiri ndi mitengo, sangadziwe kuti akuyenda pamlomo pa mphika. Ndi phiri lamoto lakalekale, linazima zaka mamiliyoni ambirimbiri zapitazo, kusanakhale munthu. Amene akhala akulifuna zaka zino ndi a migodi, chifukwa muli mwala wotchedwa fluorite ndi miyala ina yosowa yogwiritsa ntchito pa zida za magetsi. Apa ndingonena modutsa kuti amene amayang'ana kuchokera kumwamba amadziwa za nthaka yathu ife eni ake tisanadziwe. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Ndinafunsa kuti kodi phiri lotere limayamba bwanji. Mnyamatayo anaseka, amvekere, "Malume, lina linayambira m'munda wa mlimi ngati inu nomwe." Ndinayesa nthabwala. Koma tinakhala mausiku atatu, iye akuwerenga pa Chipwitikizi ine ndikufunsa, mpaka mamega anatha.

Kuli dziko lotchedwa Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikulu, ku America. Ndiko kwawo kwa chimanga timadyachi. Anthu a kumeneko anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ife chinatipeza mochedwa. M'chigawo cha Michoacán, pamudzi wotchedwa Parícutin, panali bambo wina dzina lake Dionisio Pulido, mlimi wamba wa chimanga. Kumayambiriro kwa chaka cha 1943 anthu a m'deralo anayamba kumva kugunda ngati kwa mabingu, koma kumwamba kuli mbee, kopanda mtambo. Nthaka inkanjenjemera, ndipo tsiku ndi tsiku zivomezi zinkachulukirachulukira.

Pa 20 Fevereiro bamboyu anapita kumunda ndi akazi ake a Paula kukasosa ndi kutentha zinyalala pokonzekera kubzala, monga timachitira ife mu Setembro ndi Outubro. Dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko, anamva kugunda pansi pa mapazi. Atacheuka anaona nthaka yang'ambika, ndipo pong'ambikapo panatukumuka kuposa msinkhu wa munthu. Munayamba kutuluka utsi ndi fumbi lotuwa, kukumveka mluzu wosalekeza, ndi fungo ngati la mazira owola. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha. Bamboyo anafunafuna akazi ake osawaona, anakwera hatchi n'kuthamangira kumudzi, ndipo anakawapeza komweko ali bwinobwino.

Usiku umenewo anthu ankaona miyala yofiira ikuponyedwa m'mwamba. Pomatha tsiku limodzi, pamene panali munda panali chulu cha mamita pafupifupi 50. Patatha sabata chinapitirira mamita 100. Pomatha chaka chinali phiri la mamita oposa 300, ndipo pamene linaleka kulavula moto mu 1952, patatha zaka 9, linali la mamita 424 kuchokera pamene panali mizere ya chimanga. Tangoganizani inu abambo amene mumadana ndi mnansi chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire. Uyu munda wonse unapita, ndipo panalibe mfumu yoti akadandauleko.

Chimene chimachitika n'chakuti pansi penipeni pa dziko n'potentha kwambiri, moti m'malo ena miyala imasungunuka n'kukhala ngati phala. Phala limeneli lili ndi mpweya m'kati. Likapeza mng'alu limakwera, ndipo likamayandikira kumtunda mpweya uja umafuna potulukira, monga limachitira botolo la thobwa losasa mukalikhutchumula n'kutsegula. Lina limaphulika n'kukhala miyala ndi phulusa, lina limangoyenda pansi lili psuu, ndipo limeneli ndiye chiphalaphala. Kutentha kwake kumapitirira madigiri 1,000. Madzi a nsima amawira pa 100.

Chiphalaphala cha ku Parícutin sichinkathamanga. Chinkabwera pang'onopang'ono, moti anthu anali ndi nthawi yosasula madenga ndi kunyamula katundu. N'chifukwa chake palibe amene anafa nacho. Atatu amene anamwalira anaphedwa ndi mphezi zochokera mu mtambo wa phulusa. Koma ziweto zinafa zambiri chifukwa chopuma phulusa ndi kusowa msipu. Mudzi wa Parícutin unakwiririka. Mu 1944 chiphalaphala chinalowa m'tauni ya San Juan Parangaricutiro, dzina loti lilime limapindika nalo, anthu ake atasamuka atanyamula mtanda wa m'tchalitchi mwawo kukamanga tauni ina. Chinameza nyumba zonse. Chatsala mpaka lero ndi nsanja ya tchalitchi ndi mbali ya kuguwa, zitatulukira pakati pa miyala yakuda, ndipo alendo amapitako pa mahatchi kukaona.

Tsopano ukayang'ana malowa kuchokera kumwamba umaona chibanga chakuda bii, ngati pamene pawotchedwa makala, chachikulu mahekitala pafupifupi 2,500. Ine ndimalima hekitala imodzi ndi theka, ndiye werengani nokha kuti ndi minda ingati. Cha kumwera kwa chibangacho kuli phirilo, pamwamba pali dzenje ngati mtondo. Papita zaka zoposa 80 koma pakudapo khasu silinabwererepo. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi china. Mnyamata uja atachepetsa chithunzi kuti tione dera lonse, timapiri totere tinali mbwee ngati zulu m'dambo, toposa 1,000. Tambiri tinaphulika kamodzi kokha n'kuzima. Tina tavala nkhalango, tina anthu akulima m'mbali mwake. Ndiye kuti zimene zinagwera a Pulido zinali zitachitikapo kambirimbiri, kungoti kale. Ndipo chigawo chomwecho lero ndi chimene chimatulutsa mapeyala ambiri ku Mexico, dziko limene limaposa onse pa ulimi wa mapeyala.

Apa ndi pamene mlimi amatchera khutu. Moto womwewo umene umalanda munda ndi umene umapanga nthaka yabwino, koma subweza kwa yemwe unamulanda. Phulusa likagwa lochepa, mlimi amalitembenuzira pansi n'kupitiriza kulima. Likaunjikana lambiri, munda watha kwa zaka. Chiphalaphala chikazizira chimakhala thanthwe, ndipo kuti mvula, ndere ndi mizu ziliphwanye lisanduke dothi pamapita zaka mazanamazana, kumalo ouma zikwi. Amadzadyapo ndi zidzukulu za zidzukulu.

Amene munapitako ku Tanzania kukaoda katundu mukudziwa pa Tukuyu, kumtunda kwa nyanja yathu ya Niassa, komwe nthochi, tiyi ndi kachewere zimachita kusefukira. Pamenepo pali mapiri amoto, Rungwe, Ngozi ndi Kyejo. Kyejo linatulutsa chiphalaphala komaliza cha m'ma 1800. Pamwamba pa Ngozi pali nyanja m'dzenje lake, ukaiona kuchokera kumwamba ngati diso. Nthaka ikubereka nthochi zijazi ndi phulusa lakale.

Ndamva wina kumbuyoko akuti, "Ndiye kutentha mapesi n'kwabwino, poti nalonso ndi phulusa." Ayi achimwene, musandinamizire. Phulusa la phiri si la nkhuni. Ndi mwala woperedwa, wakuthwa ngati magalasi osweka, susungunuka m'madzi, ndipo likanyowa limalemera mpaka kugwetsa madenga. Ndi mwala watsopano wochokera pansi, umene ukubweretsa chakudya cha mbewu chimene pamwamba panalibe. Ife tikatentha mapesi sitibweretsa kanthu, timangouluzira kumwamba manyowa amene tinali nawo kale. Ndipo ndikuuzeni, makina aja amaona kutentha. Mu Agosto ndi Setembro mapu a moto amaonetsa dziko lathu lino litadzaza ndi timadontho tofiira. Inu osaka mbewa, akukuonani.

Ku Cabo Verde, abale athu olankhula Chipwitikizi, kuli chilumba cha Fogo. Anthu amakhala m'kati mwenimweni mwa mkombero wa phiri, pamalo otchedwa Chã das Caldeiras, ndipo amabzala mphesa m'maenje mumchenga wakuda n'kumapanga vinyo. Pa 23 Novembro 2014 phiri linaphulika, ndipo pomwe linkaleka mu Fevereiro 2015 midzi iwiri, Portela ndi Bangaeira, inali itakwiririka. Palibe anafa. Boma linawasamutsira kunja kwa phirilo, koma ambiri anabwerera n'kumanga pamwamba pa chiphalaphala chomwecho, pansi pa nyumba pakadali potentha. Munthu wa m'tauni anganene kuti ndi misala. Ine sindinganene choncho. Mlimi mumuchotse pa nthaka imene imamudyetsa n'kumupatsa nyumba ya malata pa nthaka yosabereka, adzabwerera basi. Afunseni amene amalima m'mphepete mwa Zambezi kuti madzi akaphwa amapita kuti.

Koma sikuti paliponse chiphalaphala chimapereka nthawi yosasula denga. Ku Congo, pamwamba pa mzinda wa Goma, pali phiri la Nyiragongo, la mamita 3,470. Chiphalaphala chake n'chamadzimadzi ngati phala la mwana, ndipo mu 1977 chinatsika pa liwiro la galimoto n'kupha anthu m'midzi asanathe kuthawa. Pa 17 Janeiro 2002 phirilo linang'ambika m'nthiti, chiphalaphala n'kudutsa pakati pa mzinda, kukwirira mbali ya bwalo la ndege, mpaka kukagwera m'nyanja ya Kivu. Anthu pafupifupi 400,000 anathawa, ambiri kulowera ku Rwanda, ndipo oposa 100,000 anatsala opanda nyumba. Patatha masiku ochepa anthu ena anapita kukatunga petulo pamalo omwetsera mafuta pafupi ndi miyala yotenthayo, panaphulika, ambiri n'kufera pomwepo. Ife a ku Tete zimenezo sizifuna kutifotokozera, tikukumbuka Caphiridzange mu Novembro 2016.

Pa 22 Maio 2021 linaphulikanso, madzulo. Anthu anadziwa poona kumwamba kwafiira, chenjezo lisanawafike, ndipo zinamveka kuti ofesi yoyang'anira phirilo inali itakhala miyezi yambiri ndalama zikuperewera. Anafa anthu osachepera 32, ndipo chiphalaphala chinaima m'mphepete mwa mzinda. Pa zithunzi za kumwamba umaona mizere yakuda itatsika m'phirimo ngati madzi a mvula pakhoma. Wa 2021 ukuoneka bwinobwino, pamene wa 2002 m'tauni suonekanso kwenikweni, poti anthu anamangapo nyumba, mipanda yake ya miyala yomweyo.

Funso limene aliyense ali nalo ndi lakuti, nanga kuno? Mtima pansi. M'Mozambique muno mulibe phiri lamoto limene lili maso. Domwe si phiri lamoto, ndipo Muambe anagona kalekale. Oyandikira amene akadali amoyo ndi aja a ku Tukuyu ndi Karthala wa ku zilumba za Comores, amene mu 2005 anamwaza phulusa n'kuipitsa madzi akumwa amene anthu amasunga m'matanki. Komabe tisanamizane kuti nthaka yathu ili phee. Kuchokera kumwamba umaona bwino kuti nyanja ya Niassa yagona mu mng'alu wautali wochokera ku Ethiopia kutsika mpaka kuno. Africa akung'ambika pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pa chaka, osafika ndi momwe chikhadabo chimakulira. N'chifukwa chake nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700. N'chifukwa chakenso kunachitika chivomezi chachikulu ku Machaze, ku Manica, mu Fevereiro 2006, chimene anachimva mpaka ku Maputo ndi ku Harare, ndi zivomezi za ku Karonga mu Dezembro 2009.

Makina a kumwambawa maso ali nawo ndithu. Ena amaona kutentha ngakhale usiku, ena amaona mpweya wochokera m'phiri, ena amayeza ngati phiri latukumuka ndi masentimita ochepa chabe, chimene ndi chizindikiro chakuti phala lija likukwera. Pa 15 Janeiro 2022 phiri la pansi pa nyanja linaphulika ku Tonga, utsi wake n'kukwera makilomita 57. Dziko lonse linaona mtambowo pa zithunzi ukutambasuka ngati bowa, pamene anthu a ku Tonga eni ake sankatha ngakhale kuimbira abale awo akunja, poti chingwe cha intaneti cha pansi pa nyanja chinaduka ndipo chinatenga masabata 5 kuti chikonzedwe. Makina amaona, koma sagogoda pakhomo pa munthu.

Tsopano ndifike pa chimene chandiimitsa pano. Pa nkhani zonse zimene mnyamata uja anandiwerengera, imene yandisowetsa tulo ndi ya ku Colombia, ndipo kumeneko chinapha anthu ndi matope.

Kuli phiri lotchedwa Nevado del Ruiz, lalitali kwambiri moti pamwamba pake pamakhala madzi oundana chaka chonse. Kumunsi, makilomita pafupifupi 70 ukatsata mtsinje wa Lagunilla, kunali tauni ya alimi a thonje ndi mpunga, Armero, ya anthu pafupifupi 29,000. Chaka chonse cha 1985 phirilo linkaonetsa zizindikiro. Mu Outubro akatswiri anatulutsa mapu osonyeza kuti likaphulika matope adzatsata mtsinje n'kufika pa Armero. Sizinali zongopeka. Matope otere anadutsapo kale mu 1595 ndi mu 1845, ndipo tauniyo inamangidwa pamwamba pa matope akalewo. Madzi saiwala khwawa.

Pa 13 Novembro 1985 masana phulusa linayamba kugwa m'tauni. Anthu anauzidwa, kudzera pa wailesi ya komweko ndi pa chimkuzamawu cha kutchalitchi, kuti asade nkhawa, akhale m'nyumba. Itangokwana 9 koloko usiku phiri linaphulika. Sikunali kuphulika kwakukulu, koma kunasungunula mbali ya madzi oundana aja, madziwo n'kusakanikirana ndi phulusa, miyala ndi mitengo, n'kuyamba kutsika. Anayenda maola awiri ndi theka asanafike pa Armero. Maola awiri ndi theka, abale. Ngakhale nkhalamba ya ndodo ikanafika pachitunda. Kunali mvula, magetsi anazima, ndipo mawu oti anthu achoke sanawafike momveka. Anafa anthu oposa 20,000 m'tauni imodziyo usiku umodzi. Amene anathamangira pamalo okwera anapulumuka. Lero kuchokera kumwamba umaonabe timizere ta misewu ya tauniyo pakati pa mitengo.

Patatha zaka 6, mu Junho 1991, phiri la Pinatubo ku Philippines linaphulika kwakukulu kuposa kuja kutalitali, moti utsi wake unazungulira dziko lonse n'kuliziziritsa ndi pafupifupi theka la digiri chaka chotsatira. Koma kumeneko anthu zikwi makumimakumi anali atachoka kale. Akatswiri anachenjeza, anaonetsa atsogoleri ndi anthu kanema wa zimene mapiri otere amachita kuti aone ndi maso, ndipo anthu anamvera. Anafa mazana angapo, ambiri chifukwa cha madenga ogwa ndi phulusa lonyowa.

Matope a ku Armero ife tili nalo dzina lake, ndi napolo. Kusiyana kwake n'kwakuti wathu sayamba ndi moto, amayamba ndi mvula yogwa masiku angapo osalekeza, makamaka pa phiri lometedwa mitengo. Mu Março 2023, namondwe Freddy atalowera cha ku Quelimane n'kukwera kumtunda, mapiri a ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe anakhuthulira matope ndi miyala pa midzi. Anthu mazanamazana anafa, ena sanapezeke mpaka lero. Ambiri a ife tili ndi abale kumeneko. Ena ankati mapiri aphulika. Sanaphulike, anagumuka. Zithunzi za kumwamba zimaonetsa zipsera zofiira zitatsika m'mapiriwo ngati pamene pakanda chilombo, zambiri zitatsata makwawa. Ndipo mu Janeiro 2022, nthawi ya namondwe Ana, madzi a kumtunda kuno ndi amene anatsika ndi Revubue n'kukagwetsa mlatho ku Tete.

Apa ine ndivomere kulakwa kwanga pamaso panu. Masiku a Ana amenewo wailesi ya gulu inali kwanga. Mabatire anali atatha, ndipo ndinati ndikagula Loweruka pamsika. Foni nayo inali yozima, poti dzuwa silinawale masiku atatu, sola sinagwire. Zimene zinalengezedwa usiku umenewo ine sindinazimve, ndipo a kumunsi kwa mudzi, amene amadalira kumva kwa ife, sanamvenso. Tinachita mwayi, madzi anangotenga madimba ndi mbuzi ziwiri za mnansi wanga. Makina a kumwamba anali atamuona namondweyo asanafike. Uthenga unayenda mtunda wonsewo n'kudzafera pakhomo panga chifukwa cha mabatire a mameticais ochepa.

Ndiye pempho langa kwa a komiti ndi ili. Kuyambira Dezembro mpaka Março wailesi ya gulu isamagone kwa munthu amene alibe mabatire osungira, ndipo ndalama yake ichoke m'thumba la gulu, ngakhale titasonkha mbale ya chimanga aliyense. Amene ali nayo sabata imeneyo azitsegula nthawi ya nkhani za nyengo, m'mawa ndi madzulo, osangodikira nyimbo ndi mauthenga a moni. Tigwirizane ndi a mfumu chizindikiro chimodzi, kaya belu la kutchalitchi, kaya ng'oma, kaya wenzulo, choti chikalira usiku aliyense adziwe kuti tikwere kumtunda, ndipo malo okwererako tisankhiretu kukadali kouma. Kwa anzathu a ku situdiyo, chenjezo likabwera pa Chipwitikizi chonde mulimasulire m'chinenero chathu, n'kutchula mayina a mitsinje ndi midzi. Mawu oti alerta vermelho agogo anga sawauza kuti anyamule bulangete alowere kuti.

Mnyamata uja wabwerera kusukulu, koma zithunzi anandisiyira pa foni: cha munda wa a Pulido, cha Muambe, cha Goma, ndi cha mudzi wathu uno. Pa cha mudzi wathu tinatsata ndi chala khwawa lochokera kuphiri, ndipo tinawerenga nyumba 6 zimene zili m'njira yake yeniyeni. Imodzi ndi ya amayi anga. Tikatseka msonkhano ndikhala pansi pa mtengo paja, amene akufuna kuona abwere, koma awiriawiri, poti batire latsala pang'ono.

A pulezidenti, ndabweza mawu kwa inu.